Pasiwedi ya Malemu

Awiriwa anakumana m'kashopu ka mnyamata wokonza makompyuta, momwe munkanunkha fumbi ndi waya wopsa. Mtsikanayo analowa atakumbatira laputopu yakale pachifuwa, tepi yoyezera zovala ili m'khosi.

"Achimwene, yakana kuyaka. Koma chonde, musafufute kanthu."

"Ingoisiyani, achemwali. Ndipo musiyenso nambala yanu, odwala ena amafuna abale pafupi."

Anaseka. Anali telala, ndipo amuna ake, dalaivala wa malole, anamwalira pangozi zaka zitatu m'mbuyomo. Laputopu inachira tsiku lomwelo, koma Mmisiri, monga ankamutchulira telalayo, anapitiriza kuimba foni.

Pasanathe miyezi isanu ndi umodzi, mameseji anali akuthamangitsana.

"Wadzuka bwanji, Kasingano kanga? Wandibaya mtima, sindikuchira."

"Usachire, Mmisiri wanga. Zakale ndinazikwirira, tsopano ndine wako wekha."

Mawu amenewa Mmisiri ankawawerenga kangapo patsiku. Mphete anagula, ndipo akuluakulu a mbali zonse anali atagwirizana kale tsiku loti akumane.

Lachisanu lina Kasingano anabweretsanso laputopu ija.

"Ikuchedwa ngati nkhalamba pamtunda. Uiyeretse, dali, ndidzaitenga mawa."

Asanayambe kuyeretsa, Mmisiri anatsegula bulawuza, pulogalamu yolowera pa intaneti, kuti asamutse mapasiwedi onse osungidwa m'menemo. Ya imelo inalipo. Ya kogula nsalu inalipo. Kenako maso ake anaima pa akaunti ina, ya dzina la malemu amuna a Kasingano.

Anayang'ana mbiri ya masamba otsegulidwa. Dzulo. Dzana. Lachiwiri. M'mawa uliwonse, ngakhale tsiku limene anamuveka mphete!

Akanasiyira pomwepo. Koma chala chinadina chokha, ndipo akauntiyo inatseguka. Munali zithunzi za ukwati ndi mawu ojambulidwa ambirimbiri. Anatsegula amodzi.

"Mayi wakunyumba, ndaima kaye, tayala laphulika. Usadandaule. Ndakusowa, wamva?"

Mawu akuluakulu, achimwemwe, a mwamuna amene ankadziwa kuti amakondedwa. Ndiye kuti m'mawa uliwonse, asanayankhe meseji yake, Kasingano ankayamba wamvera ameneyu? Nanga iye anali ndani? Chigamba chotseka pong'ambika? Mwamuna wamoyo ungathe kumuyang'ana m'maso, nanga wakufa ungapikisane naye bwanji?

Pambali pa dzinalo panali kabatani kofufutira pasiwedi yake. Kompyuta inafunsa ngati watsimikiza. Anatsimikiza. Kenako anayeretsa zonse, mapasiwedi enawo n'kuwabwezera bwinobwino.

Lamlungu masana foni ya Mmisiri inalira.

"Bwera msanga, chonde!"

Anamupeza atakhala pansi pakati pa zidutswa za nsalu, laputopu ili pamiyendo, maso atatupa. Makina osokera anali ataima, diresi la kasitomala lili pansi pa singano.

"Akaunti ina yanditulutsa. Ikufuna pasiwedi, ndipo pamndandanda paja palibe! Sindinaidziwepo ine, inkangodzilembera yokha. Ndadina poti ndaiwala, akuti atumiza nambala ku foni imene inatsekedwa kalekale. Iwe umadziwa zinthuzi, ndithandize!"

Mmisiri anagwada, nadinadina mabatani ngati akufufuza.

"Mwina ndi vairasi, Kasingano kanga. Zimachitika."

"Ibwerera?"

"Sindikukhulupirira." Anamugwira phewa. "Koma mwina ndi bwino choncho. Kumvera mawu a munthu woti anapita m'mawa uliwonse, bala lingapole? Ndilipo ine."

Kulira kunasiya. Kasingano anachotsa dzanja lija paphewa pake pang'onopang'ono.

"Ndakuuza kuti ndi akaunti ya ndani?"

"Ayi, ndimangoganiza kuti..."

"Ndakuuza kuti muli mawu? Ndakuuza kuti ndimamvera m'mawa?"

Mmisiri anaimirira mwaukali.

"Unandilonjeza kuti ndiwe wanga ndekha!" anakuwa. "Unati zakale unazikwirira! Ndimakukonda, ndikanatani?"

"Mukanandifunsa." Sankamutchulanso kuti iwe. "Ndikanakuuzani kuti ndimakopera mawuwo pang'onopang'ono kuti ndikapatse apongozi anga. Maso awo anachita khungu, zithunzi sangazione. Anandipempha mawu a mwana wawo ndisanakwatiwenso. Ndimamvera kuti ndisankhe oyenera mayi ake, ndipo ndinali nditangofika pakati."

"Ndiyesetsa, ndilembera kampani yake, ndi..."

"Ndinkalira pomvera, sindikana. Anali mwamuna wanga. Koma mphete ndinavala yanu."

Anaivula, naiika m'dzanja lake, n'kumupinda zala kuti isagwe.

"Kasingano, chonde!"

"Tulukani, achimwene. Ndikufuna ndiganize zokawauza amayi aja."

Mmisiri anaima panja nthawi yaitali, mphete ili m'manja. Anadikira kuti mwina chitseko chitseguka. M'malo mwake anamva makina osokera akuyambanso kulira.