Chipande cha ku Mphunzi

Dorika wa kwa Kaphuka ankagulitsa mbatatesi pamsika wa Linthipe, ndipo kunena zoona amenewo sanali malonda koma chilango. Mwamuna wake Gerevazio anapita ku migodi ya ku Joni mwana wawo Jestina akuyamba kumene kuyenda. Anatumiza makalata awiri ndi bulangeti limodzi, kenako zii. Tsiku la msika Dorika ankadzuka nkhungu isanachoke m'mapiri, kusenza dengu, n'kukayala chiguduli pakati pa amayi ena makumi atatu ogulitsa mbatatesi zomwezo, kabichi yemweyo ndi tomato yemweyo. Kugulitsa mbatatesi ku Dedza kuli ngati kugulitsa madzi pachitsime.

Koma chomwe chinkamudya mtima sunali umphawi wokha ayi. Moyang'anizana ndi pomwe ankakhala, mkati mwa mpanda wa msika momwemo, munali nyumba ya malata ya a Bonifasio, mbali ina modyera, mbali ina bala. A Bonifasiowo ankagula mbatatesi za Dorika motchipa ngati akumuchitira chifundo, kuziduladula, kuziponya m'chiwaya, n'kuzigulitsa kwa madalaivala a malole opita ku Lilongwe kumene ankamanga likulu latsopano. Gumbagumba inkalira tsiku lonse. Aphunzitsi ndi makalaliki ankakhala kubala atapinda miyendo, kumwa jini wosakaniza ndi soda, kachidutswa ka ndimu kakuyandama m'tambula. Fungo la nyama ya nkhumba linkadutsa njira kudzamupeza Dorika m'mimba mulibe kanthu. Ankadana nalo fungolo, ankadana ndi firiji ya palafini, ankadana ndi kasekedwe ka a Bonifasio. Nsanje yake inafika poti mayi wogulitsa naye pafupi anaiona pankhope.

Mayiyo ndi amene anamutsina khutu za a Petulo. A Petulo anali bambo wamfupi, waulemu, wosema zipande ndi mithiko, amene ankabwera kumsika kamodzi pamwezi atavala jekete lomanga mabatani onse. Mayiyo anati zipande zina za bambowo sizigulitsidwa pamsika, munthu amazitsatira kwawo ku Mphunzi.

Lamulungu lina m'chaka cha 1975, anzake akupita ku Misa, Dorika analowera njira ya kumapiri. Anawapeza a Petulo dzuwa lili paliwombo, atakhala pansi pa thanthwe lina lokhala ndi zojambula zofiira za anthu akale, akusema. Sanamufunse chimene wadzera. Anamupatsa moni bwinobwino, kumufunsa za mvula ya kwa Kaphuka, kenako anatulutsa m'thumba chipande chakuda, chosalala ngati chagwira kale ntchito zaka zambiri.

"Mukapakulira ichi, mayi, munthu akadya kamodzi mapazi ake azimubweretsa okha."

Dorika anafunsa mtengo, poti anali atangotenga tambala wake mmodzi yekhayo.

"Tambalayo bwererani naye, akakuthandizeni kudzuka. Ine sindilandira kanthu. Chipandechi chimadzipezera chokha malipiro. Chaka chilichonse, tsiku loyamba la msika mwezi wa Juni, munthu woyamba kukhala pabenchi panu mumupakulire mbale yaulere ndi dzanja lanu. Musamusankhe nkhope, musamubweze."

"Ndiye akadya?"

"Sadzakhutanso. Njala yake ndi imene izikuitanirani anthu chaka chonse. Ikamumaliza, padzafunika wina."

Mphepo ya m'phiri inali kumulowa Dorika m'mafupa. Anafunsa chimene chingachitike atamubweza munthuyo.

"Palibe imfa pamenepo," anatero a Petulo akupitiriza kusema. "Chipande chithyoka basi, zonse zimene chabweretsa zipita, inu mubwerera pachiguduli panu. Mwaona, khomo ndakusiyirani lotsekula. Koma chiyambireni ntchitoyi sindinaone munthu akutulukirapo."

Pamenepo munthu wanzeru akanathokoza n'kutsika phiri. Dorika anaganiza za msewu waukulu ndi alendo ake osawerengeka, anthu opanda mayina amene amabwera m'mawa n'kupita masana. Anadziuza kuti munthu wosamudziwa sapweteka mtima. Anakulunga chipandecho m'chitenje.

Anayamba ndi mphika umodzi wobwereka, mafuwa atatu ndi benchi la thabwa limodzi pakona ya msika. Tsiku loyamba la msika mu Juni kunali chisanu choluma makutu. Woyamba kukhala pabenchilo anali dalaivala wa lole, bambo wonenepa wansangala, amene anaseka atauzidwa kuti mbaleyo ndi yaulere. Anadya, n'kugula ina, n'kugulanso ina, ananyamuka akudzisisita pamimba modabwa. Dzuwa lisanapendeke mphika unali utatha kanayi, anthu akukankhana ngati pachigayo.

Zinthu zinayenda mwa liwiro loopsa. Mvula isanayambe Dorika anali ndi chisakasa, mabenchi asanu ndi amayi awiri omuthandiza kusenda. Dalaivala uja ankaima sabata iliyonse, ndipo ulendo uliwonse lamba wake ankakhala ataboola bowo latsopano. Ankadya mbale zisanu maso ali pamphika. Mu Okutobala anasiya kubwera, mnzake wina n'kunena kuti anamwalira kuchipatala madokotala osapeza nthenda. Tsiku limenelo Dorika sanadye. Mawa lake anadya.

Chaka chachiwiri sizinamukomere chimodzimodzi. Woyamba pabenchi anali mayi yemwe uja anamutsina khutu, amene anangobwera kudzaotha moto asanayale tomato wake. Mayiyo sankadziwa za lamulo la chipande, ankangodziwa kuti mnzake zamuyendera. Dorika anamupakulira akuyang'ana kumbali. Ameneyu sanakafere kutali. Anaonda pamaso pa msika wonse, kudya tomato wake yemwe wosaphika, kupempha makoko a mbatatesi, mpaka anamuika m'manda atasiya ana anayi. Dorika anapita kumaliro ndi thumba la ufa, anthu n'kumamutama kuti ndi mayi wa mtima wabwino.

Kuyambira pamenepo anaphunzira kusankha popanda kusankha. A Petulo anati asamubweze munthu, koma sananene kuti asamuitane. Chaka chachitatu anatumiza uthenga waulemu kwa a Bonifasio, amene malonda awo anali atazilala, kuti abwere m'mamawa adzakambirane ngati anansi. Anabwera atavala tayi, n'kukhala woyamba pabenchi. Pofika Khirisimasi nyumba ya malata ija inali ya Dorika, firiji ya palafini ndi gumbagumba zomwe.

Anaikulitsa nyumbayo mpaka inakhala holo. Ziwaya zinayi zinkalira nthawi imodzi, apa tchipisi, apa nkhumba, apa mpunga ndi nyemba, apo tiyi ndi masikono. Kumbuyo kunali bala ya magalasi, bambo wa malaya oyera akusakaniza zakumwa za mitundu yowala zimene anthu a m'midzi ankangoziyang'ana pawindo. Mabwana ochokera ku Lilongwe ankaimika magalimoto awo, kugula kabichi ndi mapichesi mumsika, n'kudzakhala kwa Dorika mpaka madzulo. Aliyense tsopano ankamutchula kuti Mayi. Koma Mayiwo ankaopa mwezi wa Juni kuyambira mu Januwale, ndipo anasiya kulandira Ukalisitiya osauza munthu chifukwa chake.

Chinthu chimodzi chokha chimene Dorika ankakonda kuposa holo yake, kapena tinene chimene ankaganiza kuti amakonda kuposa holoyo, chinali Jestina. Mtsikanayo anali atakula, atakwatiwa ndi mlimi wina wofatsa dzina lake Timoteyo, ndipo ankakhala kumudzi kwa Kaphuka m'nyumba ya njerwa imene mayi ake anawamangira. Dorika anamuletsa kufika kumsika sabata yoyamba ya Juni, ati chisanu cha ku Linthipe chimadwalitsa. Jestina ankaseka za lamulo limeneli monga ana amasekera malamulo a makolo.

Chaka cha 1979 Dorika anakonzeka msanga. Panali bambo wina wokalamba wonyamula matumba pamsika, wopanda mkazi, wopanda mbale, amene ankagona m'makhonde. Dorika anamuuza kuti abwere m'bandakucha adzadye zaulere, bamboyo n'kuthokoza ndi manja awiri. Mtima wa Dorika unakhala pansi. Anakoleza moto yekha, kuphika yekha, n'kutsekula chitseko.

Koma m'mawa umenewo anyamata a chipani anali atatseka chipata cha msika. Masiku amenewo zinkachitika popanda chenjezo: wopanda khadi la chipani salowa mumsika, sakwera basi. Ali pakhomo la holo, Dorika ankaona chikhamu cha anthu chitaima kunja m'nkhungu, madengu ali pamutu, ena akufufuza m'mipango, ena akudandaula kuti aiwala kunyumba. Bambo wa matumba uja anali atakhazikidwa pansi pambali pamodzi ndi ena opanda makhadi. Dorika anayamba kuthamangira kuchipata kuti akamugulire khadi, koma atangoyenda mapazi khumi chingwe cha pachipata chinakwezedwa, munthu mmodzi n'kulowa.

Anali Jestina, mimba ya miyezi isanu ndi iwiri ili patsogolo. Iye yekha sanachedwe pachipata, chifukwa mayi ake, pofuna kuonetsa kuti kwawo sasowa kanthu, anali atamugulira makhadi awiri, lake ndi la mwana wa m'mimba. Anali paulendo wa kusikelo. Anadutsa mayi ake akumwetulira, kulowa m'holo, n'kudziponya pabenchi loyamba atatopa.

"Amayi, musandikalipire. Usiku wonse mwanayu amafuna nkhumba yanu ndi mbatatesi. Ndipakulireni pang'ono ndizipita."

Dorika anaima pamphika chipande chili m'manja. Chinali chopepuka, kamtengo kouma, koti mwana akhoza kuthyola pabondo. Ankadziwa bwino lomwe chochita, ndipo palibe amene angamunamizire kuti anasokonezeka. Anayang'ana mwana wake. Kenako anayang'ana ziwaya zinayi, magalasi a kubala, denga la malata, ndi panja paja pamene amayi ankayala ziguduli m'matope. Mantha a chiguduli anaposa mantha a maliro. Anayamba kudzinyengerera: angoika pang'ono, timbatatesi titatu ndi kanyama kamodzi, pang'ono sipangaphe munthu, masana omwewo akwera ku Mphunzi ndi ng'ombe, ngakhale ziwiri, a Petulo sangakane, mankhwala aliwonse ali ndi chosungunulira chake.

"Amayi, mwatani? Mukulira?"

"Ndi utsi," anatero Dorika, n'kuika mbale patsogolo pa mwana wake.

Jestina anadya mokondwa, kunyambita zala, n'kunena mwamanyazi kuti sizinamufike, amuonjezere.

Dorika anafika ku Mphunzi dzuwa likupendeka, mapazi atatupa. Anagwada pamaso pa a Petulo, kulonjeza ng'ombe, galimoto, holo yonse. Anasolola chipande n'kuchithyola pamaso pawo, chinathyoka mosavuta. A Petulo anatola zidutswazo, kuziyang'ana ngati mmisiri woona ntchito yake yakale, n'kuziponya pamoto.

"Mwathyola bwino, mayi, koma mwathyola madzulo. M'mawa muja chikanagula moyo wa mwana wanu. Panopa changokulandani holo."

Zinachitikadi motero. Sabata yomweyo anthu anayamba kudutsa pakhomo pa Dorika ngati palibe nyumba. Nyama inaola m'firiji, antchito anabalalika, mphepo ya mu Ogasiti inasasula denga. Dorika sanazione n'komwe, anali kwa Kaphuka akuphikira Jestina. Anaphika m'mawa, masana ndi madzulo. Anapha nkhuku zonse, mbuzi zonse, nkhokwe inatha. Jestina ankadya akulira kuti njala ikumuwotcha, manja akusanduka timitengo, mimba yokhayo ili yotumphuka. Timoteyo anamutengera kuchipatala cha mishoni, masisitere anayesa zonse, osapeza kanthu. Mwana anabadwa wakufa, wopepuka ngati mwanapiye. Patapita masiku atatu Jestina anamugwira dzanja mayi ake n'kunena kuti chakudya chokoma chomaliza chimene akukumbukira ndi mbale ija ya ku Linthipe, anawathokoza chifukwa cha mbaleyo, kenako anatsikira kuli chete.

Kuthokoza kumeneko ndi kumene kunamuzungulitsa mutu Dorika. Kumanda anaulula zonse mokweza, kutchula dalaivala, mayi wa tomato, a Bonifasio, koma anthu anangoti ndi chisoni, amugwire. Sanachirenso. Kwa zaka zambiri ankazungulira mumsika wa Linthipe tsitsi lili nyankhalala, ndipo akaona mayi akupatsa mwana wake chakudya ankathamanga, kulanda mbaleyo n'kuikhuthulira m'dothi, akunong'oneza kuti, "Usadye, mwanangu, usadye." Ankamumenya, kumuthira madzi, kumumanga, koma mawa lake ankabweranso.

Inu amene mumayang'ana malonda a mnzanu mtima ukuwawa, imvani. Chuma cha mankhwala chimayamba n'kudya anthu amene simuwadziwa, ndipo mumadziuza kuti si kanthu. Koma chaka chilichonse chimakuphunzitsani dzanja, mpaka tsiku limene mwana wanu adzakhale patsogolo panu, dzanjalo lidzapakula lokha. Dorika sanawonongedwe ndi a Petulo kapena chipande chawo. Khomo linali lotsekula, dyera ndi limene linamuletsa kutuluka.