Mvula Inadya Njerwa Zathu

Dailes ankakhala ku Ngungu, mu Kabwe. Iye ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna chipinda chokhala ndi windo.

Kale atate ake, a Nason, ankagwira ntchito ku mgodi. Kenako mgodi unatsekedwa. Saireni ya m'mawa inasiya kulira. Banja lonse linachoka m'nyumba ya ku mgodi. Linakakhala kwa azakhali, a Felistas.

Kwa azakhali kunali kothina. Ana onse ankagona pamphasa imodzi. Wina ankamuponda mwendo Dailes. Wina ankamulanda bulangete. Windo munalibe. Dailes ankagona ali wokwiya. Ankadzuka ali wokwiya.

Mvula itatha, atate anayamba kuumba njerwa zomangira nyumba yawo. Atate ankaponda dothi. Amai, a Maness, ankatunga madzi. Mpopi unali kutali kwambiri. Dailes ankanyamula chikombole. Chikombole chinali cholemera. Manja ankawawa. Koma Dailes sanasiye.

Njerwa zinadzaza bwalo. Dzuwa linkaziumitsa pang'onopang'ono.

"Atate, windo langa lidzakhala kuti?" anafunsa Dailes.

"Kum'mawa, mwana wanga," anayankha atate.

Tsiku lina kunacha kotentha. Masana mphepo inasintha. Inachokera kumwera. Inali yozizira ngati madzi a mumtsuko. Inanyamula fumbi lakuda la ku mgodi. Nkhuku zinabisala. Mitambo inatsika pafupi ndi madenga.

Azakhali anayang'ana kumwamba.

"Mvula mwezi wa Meyi? Iyayi," anatero azakhali. "Ni mphepo chabe."

Koma mvula inabwera. Inalibe mabingu. Inali yowaza, yozizira, yosatopa.

Dailes anathamangira kubwalo. Anatenga thumba lakale. Anaphimba njerwa zochepa. Mphepo inaulutsa thumbalo. Anatenga chitenje cha amai. Mphepo inaulutsanso chitenjecho. Mano ake ankagundana. Amai anamugwira dzanja. Anamukokera m'nyumba.

Mvula inagwa masana. Inagwa madzulo. Kutacha, inali ikuwazabe.

Dailes anatuluka. Anaima pabwalo. Njerwa zinali zitasungunuka. Zina zinalibe makona. Zina zinali phala lenileni.

Dailes anakwiya. Anakwiyira mvula. Anakwiyira mphepo. Anakwiyira mgodi. Anatola mwala. Anagenda mitambo. Mwalawo unangogwera m'matope.

Atate anali atakhala pakhomo. Anavala chijasi chawo cha ku mgodi. Anavala jombo zawo zazikulu.

"Atate, nyamukani," anatero Dailes.

Atate sananyamuke.

"Atate, njerwa zathu zafa."

Atate anayang'ana pansi.

Mtima wa Dailes unatentha kwambiri. Mawu anatuluka okha.

"Inu mumangokhala. Mgodi unatsekedwa, munangokhala chete. Mvula yadya njerwa, mwangokhala chete. Kodi inu simukwiya?"

"Iwe Dailes, tseka pakamwa," anatero amai. "Amenewo ni atate ako."

Dailes anathamangira pakati pa bwalo. Analowa m'matope. Anaponda. Anapondanso. Phwa, phwa, phwa. Matope anali ozizira. Misozi inali yotentha.

Kenako anamva munthu kumbuyo kwake. Anacheuka. Anali atate. Anali atavula jombo. Anali atapinda thalauzi.

"Ndimakwiya, mwana wanga," anatero atate. "Ndinakwiya tsiku lija anatseka geti la mgodi. Mpaka lero ndikadali wokwiya. Koma ndimasowa womukalipira."

Dailes anapukuta mphuno.

"Kalipirani matope," anatero iye.

Atate anakweza phazi. Anaponda mwamphamvu. Phwa. Matope anathovukira patali.

"Phazi ili ndi la mgodi," anatero atate.

Dailes anaponda. Phwa.

"Ili ndi la mvula."

Atate anapondanso. Phwa.

"Ili ndi la geti lotseka."

Dailes anapondanso. Phwa.

"Ili ndi la mphasa yothina."

Amai anaima pakhomo. Anagwira m'chiuno. Anayang'ana anthu awiriwo. Kenako anamanga chitenje mwamphamvu. Nawonso analowa m'matope. Phwa.

"Ili ndi la mpopi wakutali," anatero amai.

Azakhali nawo anabwera. Anavula mapatapata. Phwa.

"Ili ndi la Meyi wabodza."

Onse anaponda. Anaponda mokwiya. Anaponda mpaka kuzizira kunathawa m'thupi. Anaponda mpaka atate anaseka. Dailes anali ataiwala kuseka kwa atate ake.

Atate anawerama. Anatapa matope m'manja. Anawafinya.

"Amake Dailes, taonani. Dothi lafewa bwino. Ndowa zonse zadzaza. Lero simupita ku mpopi."

Madzulo onse anakhala mozungulira mbaula. Mapazi a Dailes anali oziziratu. Atate anavula chijasi chawo. Anamufunditsa. Chijasicho chinafika mpaka pansi.

"Atate, pepani," anatero Dailes. "Ndinakukalipirani."

"Ndamva, mwana wanga. Pakamwa pako panali pakuthwa. Koma miyendo yanga yadzuka."

"Mawa usadzabwerezenso," anatero amai.

"Sindidzabwerezanso, amai."

Kuzizira kunakhalabe masiku angapo. Kenako mphepo inatembenuka. Mitambo inachoka. Dzuwa linabwerera.

Atate anaumbanso njerwa. Dailes ananyamulanso chikombole. Ulendo uno anamweta udzu wambiri. Madzulo aliwonse ankaphimba njerwa. M'mawa uliwonse ankavundukula. Njerwa zinauma. Atate anaziwotcha. Zinafiira bwino.

Tsiku lina kunadutsa a Chanda. A Chanda anali anzawo a atate a ku mgodi. Anatola njerwa imodzi. Anaigogoda. Inalira bwino.

"Ba Nason, njerwa izi ni zolimba," anatero a Chanda. "Mukamaliza nyumba yanu, mubwere mudzaumbe zanga. Mlamu wanga ku Kamushanga afunanso."

"Ndibwera," anatero atate.

Khoma linayamba kukwera. Linafika m'mawondo. Linafika m'chiuno. Linapitirira mutu wa Dailes. Atate anasiya malo kum'mawa. Anaikapo windo. Linali laling'ono. Linali la matabwa. Koma linkatseguka, ndipo linkatsekeka.

Banja linalowa m'nyumba yatsopano. Azakhali anawathandiza kunyamula katundu. Dailes anayala mphasa yake. Palibe anamuponda mwendo. Palibe anamulanda bulangete.

Kutacha, Dailes anatsegula windo. Kunja kunali kozizira. Dzuwa linali likutuluka. Atate anali pabwalo. Anali atavala jombo. Anali atanyamula chikombole paphewa.

"Atate, mukupita kuti?"

"Kwa a Chanda, mwana wanga. Akundidikira."

Dailes anathamangira kwa amai.

"Amai, fulumirani ndi tiyi," anatero iye. "Atate achedwa ku ntchito."