Dothi la Kuseri kwa Shabini

Anzanga, nkhani iyi imathera pabwino, pabwino zedi, koma musathamangire kumapeto! Tiyambire kwa a Wilkins Kamanga ku Chulu, khomo limene nyimbo ya m'buku imamveka dzuwa lisanatuluke. A Kamanga ndi mkulu wa mpingo, mlimi wa fodya ndi chimanga, munthu woti ngakhale thobwa likangogonera salawa. Akazi awo, mayi Liness, ndi a Chigwirizano. Mwana wawo Raymond anali atangokhoza Fomu 4, ndipo mudzi wonse unkamunyadira.

Mwezi wa Ogasiti kunabwera galimoto ya ku yunivesite. Munatuluka mayi wamfupi wa magalasi, a Dokotala Vera Chavula. Si dokotala wa jakisoni ayi, ndi wa kafukufuku. Ankafuna kudziwa ngati feteleza wa makuponi akuthandizadi alimi, ndiye ankafufuza zinthu ziwiri: anthu akukhala bwanji, ndipo dothi lawo lili bwanji. Anafuna wachinyamata wodziwa kulemba, ndipo anthu onse analoza Raymond.

Ntchito yake inali yosavuta. Ayendere mabanja makumi anayi, afunse mafunso a papepala, kenako apite kumunda kwa banjalo, akumbe dothi pang'ono, aike m'kathumba ka pulasitiki, alembepo dzina. Anamupatsa njinga yatsopano ndi chipewa, n'kumulonjeza kuti akagwira bwino adzamutenganso chaka chamawa.

"Mwana wanga," anatero a Kamanga atagwira chishalo cha njingayo, "amene akawerenge zolemba zakozi sanapondeko kuno. Akakhulupirira iweyo. Ukalembe zimene waona."

"Musadandaule, bambo," anayankha Raymond, atapendeketsa chipewa.

Tsiku loyamba anayendera mabanja atatu. Dzuwa linamuwamba, galu anamuthamangitsa, minga inaboola tayala. Tsiku lachiwiri, akudutsa pamsika, anamva wina akuitana.

"Pulofesa! A Pulofesa! Mpaka kutipitirira?"

Anali Zakeyo, mwini shabini, atakhala pa benchi miyendo ili tambasu. Raymond anaima kuti angopereka moni. Moniwo unabala botolo limodzi, botolo linabala linzake.

"Ndiye ukuzunzikira dothi, aise?" anaseka Zakeyo. "Dothi ndi dothi! Kodi lili ndi dzina pamphumi? Pita kuseriku, n'lofewa bwino, sulimbana nalo n'komwe."

Linalidi lofewa. Nanga si kuseri kumeneko n'kumene amuna onse omwa pa Zakeyo amakatayirako madzi, chaka ndi chaka! Raymond anatseka mphuno, n'kukumba. Masiku anayi okha, timatumba tonse tinadzaza. Anataya ngakhale titatu tabwinobwino tija kuti tonse tizioneka tofanana.

Mafunso nawo ankawayankha yekha pa benchi pomwepo, Zakeyo akuthandizira.

"Mayi Lusiya amasiye aja ali ndi ziweto zingati?"

"Apatse ng'ombe khumi ndi ziwiri, asangalaleko!"

"Nanga a Paul?"

"Ngolo ziwiri ndi nyumba ya malata. Usaumire, aise, si zako!"

Mayi Liness anayamba kukayika. "Raymond, matayala a njingayi bwanji sakuda? Kodi minda yonse yasamukira kumsika? Ndipo m'kamwamo mukununkha chiyani?"

"Ndi mankhwala a kafukufuku, amayi. Simungazimvetse."

"Ine sindinaphunzire, koma mphuno yanga inaphunzira. Siya zimenezo zisanakuchititse manyazi."

Raymond sanamve. Anapereka timatumba ndi mapepala, a Dokotala n'kumuyamikira kuti ndi wachangu kuposa anyamata onse a m'boma la Kasungu.

Ndiye mvetserani tsopano! Mwezi wa Okutobala, anthu ali kalikiriki kuthirira nazale za fodya kudambo, uku akudikira kulembedwa mayina a makuponi, galimoto ija inabweranso. Anthu anasonkhana pabwalo la sukulu. Analipo ndi alangizi a zaulimi. Raymond anakhala kutsogolo, chipewa chili pamutu.

A Dokotala anaimirira nkhope ili mwee. "Anthu a kuno, ndabwera ndi uthenga wodabwitsa! Tayeza dothi kuyambira ku Chisemphere mpaka ku Kaluluma, koma longa lanuli sitinalionepo. Minda yonse makumi anayi ili ndi chonde ngati mwachita kukhuthulira thumba la yureya pa phando lililonse!"

Anthu anayang'anana. A Paul anakanda m'mutu. "Munda wanga womwe uja? Umene chimanga chimalekeza m'mawondo?"

"Womwewo! Ndipo inu a Paul, ndi ngolo zanu ziwiri zija, ndinu chitsanzo. Nanga mayi Lusiya ali kuti, a ng'ombe khumi ndi ziwiri?"

Mayi Lusiya anadzuka pang'onopang'ono, n'kumanga chitenje. "Ng'ombe? Ine? Mayi, nkhuku imene ndinali nayo inapita ndi chitopa chaka chatha. Ngati ng'ombezo mwabwera nazo, nditengereni chingwe!"

Bwalo lonse linafa nacho chiseko. Koma alangizi sanaseke. Anatsokomola, n'kunena kuti, "Abale, musaseke. Lipoti limeneli likafika ku boma, akuluakulu akati kuno kuli chonde, anthu ake ndi olemera. Makuponi amapita kwa osowa. Anuwo akhoza kupita kwina."

Popanda makuponi, ndani pamudzipo akanagula feteleza wa kusitolo? Chimenecho chinali chaka cha njala chikubwera poyera. Raymond mumtima ankangoti, ndikhale chete, mwina zipita.

"Pali chimodzi chokha chimene chatizunguza mutu," anapitiriza a Dokotala, akutulutsa kachitini kolira ngwerengwere. "M'dothi lanu tapezamo zitsekerero za mabotolo a mowa. Zambiri zinali m'kathumba aka. Zisanu ndi ziwiri! Dzina lake ndi... a Wilkins Kamanga."

Mayo ine! Maso onse anatembenukira kwa mkulu wa mpingo. Amayi a Chigwirizano anagwira pakamwa. Wina kumbuyo anati, "N'chifukwa chake amalawirira kumunda!" Mayi Liness anayang'ana amuna awo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Bambo a Raymond, zaka makumi awiri ndi zisanu mukundiletsa kusunga thobwa?"

A Kamanga anangovula chipewa chawo n'kuwerama. Raymond anali asanawaonepo bambo ake atawerama chotero, kupatula popemphera. Anayang'ananso mayi Lusiya, amene tsopano anali atasiya nthabwala, akupukuta m'maso. Miyendo yake inadzuka yokha.

"Si bambo anga!" anafuula. "Ndine! Kuminda kwanu ndinangofikako tsiku limodzi lokha. Dothi lonselo ndinakumba kuseri kwa shabini ya Zakeyo. Ng'ombe, ngolo, malata, zonsezo ndinapeka ndili pa benchi, ndikumwa. Ndachimwira Mulungu, ndalakwira inu nonse."

A Dokotala anayang'ana manja awo. "Kuseri kwa shabini? Kumene amuna amakata... Ndiye ife milungu isanu ndi umodzi takhala tikuyeza zimenezo?"

Anthu anafunafuna Zakeyo, koma anangoona fumbi kunjira ya kumsika.

A Dokotala analanda njinga ndi chipewa pomwepo, ndipo za ntchito ya chaka chamawa zinathera pomwepo. "Lipoti ndiliimitsa milungu iwiri," anatero. "Ukabwereze zonse. Wapansi."

Raymond anayendadi, anzanga, wapansi, khasu paphewa, dzuwa la Okutobala lili ng'aa! Bambo ake ankamuperekeza n'kumaima pambali kuonerera akukumba. Atafika kwa mayi Lusiya, mayiwo anamutsegulira kakhola ka nkhuku kopanda kanthu.

"Lowa, Pulofesa. Uwerenge ng'ombe zako bwinobwino, ina ingatsale."

Raymond analemba ziro, misozi ikudontha papepala.

Tsopano nayi nkhani yokoma ija! Zotsatira zenizeni zitabwera, a Dokotala anawerenga kuti dothi la pamudzipo ndi loguga, lamchenga, lotheratu. Nthungululu zake! Amayi anavina, a Paul anaponya chipewa m'mwamba. Simunaonepo anthu akusangalala chotero pouzidwa kuti minda yawo ndi yoipa! Mayina analembedwa, makuponi anafika mvula isanagwe, ndipo lero chimanga cha mayi Lusiya chapitirira mutu. Raymond ndiye anakawathirira feteleza, osalandira kanthu. Mowa anasiya, Lamulungu lapitali waimba m'kwaya, ndipo bambo ake amwetulira koyamba!

Koma njinga ija sinabwerere, ntchito ija anapatsidwa wina, ndipo akamadutsa pamsika anthu amakuwabe kuti, "Dothi ndi dothi!"

Choncho mnzanga, iwe amene wapatsidwa ntchito yoti palibe akukuona: ulesi ndi mowa zidzakuuza kuti bodza laling'ono silipweteka munthu. Osamvera! Bodza la Raymond linatsala pang'ono kugoneka mudzi wonse ndi njala. Iye anapatsidwa milungu iwiri yokonzera zimene anawononga. Iwe mwina sudzapatsidwa ngakhale tsiku limodzi.