Dzanja Lomwe Linapaka Utoto Wofiira

Lachiwiri, 7:20 m'mawa, Inspekita Shawkat Mansi anapeza mtembo wa Fikri Badran, katswiri wojambula zithunzi, uli chafufumimba m'chipinda chake chojambulira ku Anfushi, mu Alexandria. Anali atamenyedwa kunkhongo ndi mwala woperera utoto.

Shawkat, mkhalakale pantchitoyi, anasiya anzake akuyeza magazi, iye n'kuima patsogolo pa chithunzi chimene chinali chisanaume. Chinali cha mayi atapanikizidwa pakona. Utoto wofiira unali utakwapulidwa pansalupo mwaukali, wakuda utakandidwa mpaka ulusi kuonekera. Mizere yonse inkatsika kuchokera kumanzere kupita kumanja. Wojambulayo anali wamanzere, ndipo anali ndi mkwiyo. Koma zikhadabo za malemu zinali mbee, ngati za mkwatibwi.

Woyamba kufunsidwa anali Adli, wogulitsa zithunzi za Fikri, amene anamveka akukangana naye Lolemba.

"Bwana, ndani sanakanganepo ndi Fikri? Ngakhale bulu wa ngolo ankamudziwa. Ine ndinagona ku Cairo, tikiti ya sitima nayi."

Zinali zoona.

Nthawi ya 2 koloko masana, Shawkat analowetsa chithunzicho m'chipinda chofunsira mafunso, n'kuitana mkazi wa malemu, Wedad. Anamupatsa tiyi. Mayiyo analandira ndi dzanja lamanja, monga mwa ulemu, koma shuga anatakasa ndi lamanzere.

"Mayi, amuna anu ankagwira burashi ndi dzanja liti?"

Wedad anaseka osaonetsa mano.

"Posaina, lamanja. Ntchito yake inali yomweyo. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi iye akundimenya, ine ndikujambula, anthu akumuombera m'manja kuti amamvetsa ululu wa amayi!"

"Nanga dzulo chinavuta n'chiyani?"

"Onani nkhopeyo." Anakankha mpango, chipsera cha pachipumi chinaonekera, chofanana ndendende ndi cha pachithunzi. "Kwa nthawi yoyamba ndinajambula nkhope yanga. Iye anatenga utoto woyera kuti aifufute. Thupi langa ndinamusiyira, koma chithunzichi ayi. Ndinam'menya kamodzi."

"Mukudandaula?"

"Ndikudandaula kuti chakumanja uko sindinamalize."

Shawkat anatulutsa unyolo. Wedad sanatambasule manja.

"Yambani mwandibwereka cholembera chanucho."

Anagwada, nalemba pansi pa chithunzicho ndi dzanja lamanzere: Wedad.

"Tsopano mangani."