Nyenyezi Zonunkha Usipa

Ivaldo adanama pa foni, ndipo adanama osaphethira n'komwe. Bambo ake, a Baltazar, amene ankayendetsa lole pamsewu wa ku Cuamba, adangomufunsa za kusukulu basi, iye n'kulumpha kale.

"Papa, pa 1 Juni, tsiku la ana lija, mbendera ya sukulu ndidzanyamula ndine. Andisankha kale."

"Epa! Iwe mwana wanga?" adakuwa a Baltazar. "Ndipempha tchuthi kwa abwana. Ndidzaima kutsogolo kwenikweni kuti ndidzakujambule."

Adamusankha ndani? Palibe. Nkhani yake idali iyi. Profesora Luzia, mphunzitsi wa kalasi lachisanu ndi chiwiri pasukulu ina ya ku Namacula, adali atatopa ndi kukalipa. Bwalo la sukulu lidali mbwee majumbo, makoko a nzimbe ndi zitsononkho. Tsiku lina adamata chipepala chachikulu pakhoma, mayina onse ali pamenepo, nanena kuti aliyense wodzaza thumba ndi zinyalala za pabwalo alandira nyenyezi yofiira patsogolo pa dzina lake. Wa nyenyezi zambiri pofika pa 1 Juni ndiye adzanyamule mbendera patsogolo pa perete.

Tsono Ivaldo ameneyu, mnyamata amene cholembera chake chomwe chikagwa ankadikira kuti wina amutolere! Nsapato ankazipukuta kanayi patsiku. Patsogolo pa dzina lake padali mbee, pamene Atija adali kale ndi nyenyezi zisanu ndi imodzi. Atija adali mtsikana wa phee. Bambo ake ankapha nsomba kunyanja ku Meponda, mayi ake ankagulitsa usipa pakamsika ka ku Namacula komweko. Nthawi yopuma iye ankawerama pabwalo, kutola kamodzikamodzi mpaka thumba lidzale.

"Musadabwe, zinyalala zimadziwana," Ivaldo ankauza anzake uku akuloza Atija ndi mlomo. Mtsikanayo akamudutsa pafupi, ankatseka mphuno. "Tasuntha iwe, ukununkha Meponda."

Koma bodza lidali litapita kale ku Cuamba, ndipo nyenyezi zidafunika. Kuwerama pamaso pa atsikana? Ayi ndithu, Ivaldo sakadatero. Apo m'pamene mutu wake udabala nzeru, ngati tingazitche nzeru. Kuseri kwa mabenchi a nsomba pakamsika kaja kudali chimulu cha zinyalala, chotalika ngati chulu. Pamenepo munthu ankadzaza matumba atatu asanathe kuyimba nyimbo imodzi.

Mmawa uliwonse, m'chisanu cha Meyi chija cholasa mpaka m'mano, Ivaldo ankadzuka anthu asanachuluke pamsewu. Ankavala majumbo m'manja, n'kukokolola chimulucho, nkhope itakwinyika ngati wamwa mankhwala. Matumbawo ankawabisa kuseri kwa mpanda wa sukulu, ndipo belu lopumira likalira ankawatulutsa limodzilimodzi, uku akupukuta thukuta lomwe panalibe.

"Taonani Ivaldo!" Profesora Luzia ankatero mosangalala. "Ndidakuuzani kuti mwana aliyense amasintha. Muwombereni m'manja!"

Nawonso aphunzitsiwo, pepani, adagona. Ankawerenga matumba osayang'ana bwalo. Nyenyezi za Ivaldo zidafika makumi atatu, mpaka adachita kumatiza pepala lina m'mbali, koma makoko a nzimbe adali pompo pamene adali.

Tsiku lina Atija adaima pafupi ndi thumba la Ivaldo, nanunkhiza pang'ono.

"Thumba lakoli likununkha kwathu," adatero motsitsa mawu.

"Nsanje!" adayankha Ivaldo. "Mphuno yako yazolowera nsomba, chilichonse umangoti ndi usipa. Pa 1 Juni udzandiona msana wokha."

Atija sadakanene kwa aliyense. Adangobwerera kukatola majumbo ake.

Akulu adati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Kutatsala masiku awiri kuti perete achitike, ana onse adaima pamzere wa mmawa kuti amve dzina la wonyamula mbendera. Ivaldo adali atasita malaya mpaka kolala kuima njo. Profesora Luzia atangotsegula pakamwa, pageti padalowa mayi wina wofunda mpango kumutu, atanyamula kaphukusi kokulunga m'pepala. Adali mayi Hanifa, mayi ake a Atija. Mtsikanayo adadabwa kuposa aliyense.

"Pepani aphunzitsi, ndakudulani mawu," adatero mayi Hanifa. "Sindikhalitsa, benchi ndasiyira mnzanga. Andituma amayi a pamsika kuti ndidzathokoze mwana wanu mmodzi."

"Mwana wathu? Wachita chiyani, mayi?"

"Mashallah, mwana wolerekayo! Masabata awiri tsopano, ife tikamalandira nsomba zochokera ku Meponda mmawa, timamuona m'nkhungu, yunifomu yanu yomweyi, akutichotsera chimulu cha kuseri kwa mabenchi. Osapempha kanthu, osafuna n'kuonedwa komwe! Tikati timuyandikire, iye liwiro ndi matumba ake. Chimulu chija chatha, ntchentche zathawa, ogula ayamba kuima kwa ife." Adayendetsa maso pamizere. "Si uyo! Uyo wa kolala yoima uyo. Bwera kuno mwanangu, usachite manyazi."

Maso onse adatembenukira kwa Ivaldo. Kenaka wina kumbuyo adaphulika, ndipo phwete lidayenda mizere yonse ngati moto wa m'tchire. Anzake omwe aja, amene ankatseka naye mphuno, ndiwo adaseka mpaka kugwirana mapewa.

"Ununkha Meponda, Ivaldo!" adakuwa mmodzi.

Profesora Luzia sadaseke. Adayang'ana Ivaldo, nayang'ana bwalo. Kwa nthawi yoyamba adaliona bwinobwino.

"Ivaldo, matumba aja ankachokera kuti?"

Fisi akagwa m'mbuna sayankhula. Mnyamata wa pakamwa pakuthwa uja adangoyang'ana nsapato zake zonyezimira.

"Nanenso ndalakwa," adatero Profesora, mawu ali olemera. "Ndimafuna bwalo loyera, koma ndimalipira matumba. Kuyambira lero aliyense akhala ndi chigawo chake cha bwalo, ndipo nyenyezi izipita kwa amene chigawo chake chayera. Mbendera anyamula Atija. Zake ndi khumi ndi zinayi zokha, koma iliyonse adaiweramira pompano."

Adalowa m'kalasi, namatula pepala lomatiza lija, nafufuta ndi nyenyezi zotsala za Ivaldo zomwe.

Mayi Hanifa adali ataimabe pakati, osamvetsa chimene chikusekedwa.

"Za nyenyezi zanuzo ine sindikuzidziwa," adatero. "Ine ndikudziwa kuti ntchentche zachoka. Landira, mwanangu. Ndi usipa wa dzulo lomweli, ndasankha wonona. Ukawapatse mayi ako akukazingire."

Ivaldo adalandira ndi manja awiri, poti akadatani? Tsiku lonse kaphukusiko kadakhala m'chikwama mwake, ndipo fungo lidalowa mpaka m'makope. Palibe amene adafuna kukhala naye desiki imodzi, kupatula Atija, amene sadasunthe pamalo pake. Madzulo foni yochokera kwa bambo ake idalira kawiri, iye n'kunamizira kuti ali kosamba.

Pa 1 Juni a Baltazar adaimadi kutsogolo, atavala jekete lawo la ku ukwati, foni ili m'mwamba. Adali atauza kale anthu oima nawo pafupi kuti wa mbenderayo ndi mwana wawo. Ng'oma zidalira, sukulu ya ku Namacula idatulukira, ndipo patsogolo padali kamtsikana ka mpango woyera, katagwira mtengo wa mbendera mwamphamvu. A Baltazar adafufuza mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu. Mwana wawo adamupeza kumapeto kwenikweni, mutu uli pansi. Adatsitsa foni pang'onopang'ono, naiika m'thumba.

Kunyumba, pa chakudya cha masana, a Baltazar sadafunse kanthu za mbendera. Mayi a Ivaldo adabweretsa mbale ya usipa wokazinga ndi tomato. A Baltazar adalawa.

"Usipa wabwino uwu. Mwaugula kwa yani?"

"Wabwera ndi mwana wanu," adayankha mayiwo. "Akuti ndi mphatso. Ine wakana kundiuza ya chiyani."

A Baltazar adatembenuka, nadikira. Ivaldo adayesa kupeka bodza lina, koma m'mutu mudali mutauma. Adafotokoza zonse: foni ija, chimulu, matumba, ndi zimene ankamunena Atija. Pomaliza misozi idali ikudontha pa kolala ija.

Bambo ake adapukusa mutu nthawi yaitali.

"Masabata awiri," adatero. "Kudzuka m'chisanu, kukumba zowola, kusenza matumba atatu kuchoka kumsika mpaka kusukulu. Iwe, ukadangowerama pabwalo lomwelo ngati mnzakoyo, ukadatopa theka lokha. Sindidaonepo waulesi wogwira ntchito yochuluka chonchi."

Ivaldo sadadzutse mutu.

"Mawa upite kumsika, ukawauze mayi a Atija zoona, mwana wawo ali pomwepo." A Baltazar adakankhira mbale ija patsogolo pake. "Tsopano idya. Pa zonse wandiuza masabata apitawa, chako chenicheni ndi ichi chokha."

Ivaldo adatola kausipa kamodzi, nakaika m'kamwa. Kadali kokoma kwambiri, ndipo kukomako n'kumene kudamupweteka kuposa kuseka konse kwa anzake.