Kamera Yopanda Tchaja

"Papa, bwanji inu mumadina kamera ndi chala chapakati? Anzanu onse amadina ndi chamkombaphala."

Anafunsa choncho ndi Serwaa, mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi, atakhala pamiyendo pa bambo ake. Bamboyo, Fosu, anayang'ana chala chake chamkombaphala chopindikacho. Anangoti, "Ndidzakuuza."

Fosu anakulira mumzinda wa Kumasi, m'banja lopemphera. Bambo ake, Agya Agyekum, anali telala komanso mkulu wa mpingo. Mayi ake, Maame Pokua, ankaphika kenke, chakudya chonga nsima yowawasa, n'kumagulitsa pakhomo. Mnyamatayo atanena kuti akufuna ntchito yojambula zithunzi, makolowo sanamuseke. Anamusungira ndalama pang'onopang'ono, ndipo zitakwana bambo ake anapita naye kusitolo.

Wogulitsa anawatulutsira kakamera ka oyamba kumene, kogwirapo kale ntchito, ka lenzi imodzi yaifupi.

"Aka kakukwana," anatero Agya Agyekum. "Kali ndi bokosi, tchaja ndi lisiti. Lenzi yaitali udzagula ntchito ikadzayamba kukudyetsa. Inetu ndinayamba ndi makina opukusa ndi dzanja."

"Ndiganize kaye, Agya," anayankha Fosu, ndalama zija n'kuika m'thumba mwake.

Chimene chinkamuvuta chinali Loweruka, tsiku la maliro. Ojambula amadzaza m'mabwalo, amajambula olira atatchena nsalu zawo zofiira ndi zakuda, amathamanga kukatsukitsa zithunzizo, n'kuzipachika pachingwe kuti eni ake agule asanabalalike. Ndipo anthu amakonda kukodola wa lenzi yaitali.

Mawa lake anakumana ndi Bonsu, mnzake wakusukulu, amene ankangoyendayenda kuseri kwa msika wopanda ntchito yodziwika.

"Aise, ukalowe pamaliro ndi kachidole kameneko? Malemuwo akadzuka n'kukuseka!" Bonsu anatsegula chikwama pang'ono. Munali chikamera chachikulu ndi malenzi awiri, ina yotalika ngati mkono. "Ndalama zako zomwezo, tenga zonse."

"Lisiti?"

"Ukufuna uzikajambula ndi lisiti?"

"Nanga tchaja?"

"Tchaja ukagule, mwana wa mkulu wa mpingo iwe. Ukachedwa ndipatsa wina."

Fosu anatenga.

Kunyumba, Maame Pokua anaitembenuza kamerayo kawiri, nafunsa, "Tchaja yake ili kuti? Munthu wogulitsa kamera yake mwa kufuna kwake amapereka ndi tchaja yomwe. Aisungirenji? Mwana wanga, chinthu ichi chachoka m'manja mwa mwini wake iye akukana."

"Kabweze lero lomwe," anatero bambo ake.

"Ndi ya achimwene ake a Bonsu, okhala kunja," Fosu ananama osaphethira.

Atalowa kuchipinda anaiyatsa, ndipo anapeza kuti muli zithunzi. Zonse zinali za nkhalamba ina ya ndevu zoyera ndi mpata pamano, itanyamula khanda, ikuseka. Anadziwa kuti kamerayo ndi yakuba. Koma anazifufuta chimodzichimodzi mpaka zinatha.

Kamerayo inali ndi chilema chimodzi. Pa chithunzi chilichonse pankatuluka kadontho kakuda, ngati kanjere ka chitowe, pakona yakumanzere cham'mwamba. Linali fumbi lolowa mkatikati. Anapukuta lenzi, kadontho kali pomwepo. Kupita nayo kwa okonza anaopa, chifukwa anthu amenewo amadziwa kamera ya aliyense m'tauni.

Ntchito inayenda ndithu. Koma galimoto ya apolisi ikangodutsa, ankaibisa kamerayo m'chikwama.

Patapita miyezi iwiri, Loweruka lina, analowa pamaliro aakulu kudera la Bantama. Pachipata panali chithunzi chachikulu cha malemu. Ndevu zoyera. Mpata pamano. Inali nkhalamba ya m'kamera ija.

"Anali ndani bambowa?" Fosu anafunsa mayi wina.

"Simukuwadziwa a Oduro ojambula? Achifwamba anawamenya powalanda chikwama. Anafera kuchipatala."

Anatembenuka kuti azipita, koma wina wa kubanjako anakuwa, "Iwe wa lenzi yaitali! Tabwera utijambule!" Anthu anali ochuluka, ovala zodula. Fosu anadziuza kuti kamera zonse n'zakuda, ndani angaizindikire? Anajambula. Anakatsukitsa. Anapachika chingwe chake pafupi ndi tebulo limene abale anayalapo zithunzi zimene malemuwo anajambula, kuti anthu aone ntchito ya manja awo.

Kunabwera Afrakoma, mwana wamkazi wa malemu, amene ankawatsukitsira zithunzi bambo ake. Anatenga chithunzi chimodzi cha Fosu kuti agule. Sanayang'ane nkhope yake pachithunzipo. Maso ake anaima pakona. Anapita patebulo paja, natenga china, n'kuzigundaniza.

"Kadontho aka ndakhala ndikukaona zaka ziwiri," anatero motsitsa mawu. "Papa ankangoti adzakachotsetsa. Achimwene, kamera iyi mwaitenga kuti?"

"Ndinagula, achemwali."

"Tionetseni lisiti."

Lisiti panalibe. Ng'oma zinasiya kulira, imodzi kenako inzake.

"Wapha a Oduro ndi uyu!" anakuwa wina m'khamumo.

Fosu sanaone amene anayamba kumumenya. Anangozindikira ali pansi, fumbi m'kamwa, nsalu zofiira zitamuzinga mbali zonse. Nsapato inaponda dzanja lake lamanja, chala n'kulira ngati nkhuni youma. Wina anaitanitsa mwala. Fosu anakuwa dzina la mayi ake.

Kenako chinthu cholemera chinamugwera pamsana. Anali mkazi wa malemu, atadziponya pa iye.

"Maliro amodzi akwana!" anakuwa mayiyo. "Mwamuna wanga sakaikidwa ndi magazi a mwana wa eni!"

Anamuphimba choncho mpaka apolisi anafika.

Bonsu sanaonekenso. Khoti linapeza kuti Fosu sanaphe munthu, koma anagula katundu wakuba akudziwa, poti iye mwini anaulula za zithunzi anafufuta zija. Anamugamula zaka ziwiri. Chimene chinamupweteka kuposa ndendeyo ndi zimene Afrakoma anamuuza pakhomo la khoti: khanda lija linali lake, ndipo zithunzi za mwanayo ali ndi agogo ake zinali zomwezo basi.

Agya Agyekum ankabwera kudzamuona mwezi uliwonse, atanyamula kenke. Sanamukumbutsepo za sitolo ija. Atatuluka, Fosu anasita nsalu kwa bambo ake chaka chathunthu, kenako anakagula kakamera ka lenzi imodzi yaifupi. Ndi komwe akudyetsera banja lake mpaka lero.

Achinyamata, wogula chakuba wagwirana dzanja ndi wakubayo, ndipo Mulungu amaona manja onse awiri. Chinthu chikatchipa mopanda chifukwa, alipo amene akuchilirira kwinakwake. Yambani ndi chaching'ono chimene mungachitulutse poyera osanjenjemera.

Lamulungu lotsatira funso lija, akuchokera kutchalitchi, Fosu anamukhazikanso Serwaa pamiyendo. Anatsegula Baibulo lake n'kutulutsamo kapepala kofwifwa, lisiti la kakamera kaja, namugwiritsa.

"Unandifunsa za chala," anatero. "Chala ichi, mwana wanga, chinafufuta nkhope ya agogo ake a mwana mnzako, ine ndikudziwa kuti n'kulakwa. Chinathyoka chifukwa ndinachita manyazi ndi chinthu chaching'ono chimene chikanakhala changa, n'kusirira chachikulu cha mwini. Iwe ukadzafuna kugula chinthu, wogulitsayo n'kukuseka utafunsa kapepala ngati aka, udzathawe."