Mapensulo a malume Lazaro

Anthu awiri amene anaona izi, Esitere wa ku Nkhunga ndi mnansi wake a Rashidi, sanali anthu okometsa nkhani. Wina ankapemphera ku Angilikani, wina ankaswali kumzikiti, koma pa nkhani iyi mawu awo sanasiyane. Ndikuinena monga anainenera.

Munali m'chaka cha 1957, mphepo ya mwera itangoleka. Esitere anali kuseri kwa nyumba, akufinya chinangwa choviika ndi kuchiyanika pathandala, pamene a Rashidi anatulukira osaodira.

"Amake Hubert, sambani m'manja. Ku Ngala kwaipa. Achimwene anu a Lazaro atisiya m'bandakucha."

Esitere anakhala pansi pomwepo nalira. Atapukuta misozi analowa m'nyumba kukauza mwana wake.

Hubert anali m'chaka chomaliza ku sekondale ya kumtunda, ndipo anabwera kutchuthi mayeso a Kembiriji atatsala miyezi iwiri. M'dera lonselo ndi iye yekha amene anafika pamenepo. Pakhoma anamata pepala logawa tsiku lake: masamu tambala akangolira, kenaka Chilatini, Chingerezi, jogalafe, masamunso. Kudya anakupatsa mphindi khumi. Lamulungu ankatuluka m'tchalitchi nyimbo yomaliza isanathe.

"Amalume ako amwalira. Vala tizipita."

Mnyamatayo anagwira pakamwa, maso ake nafiira. Kenaka anayang'ana pepala lija.

"Amayi, kuika ndi kumeta ndi sabata yathunthu. Anzanga uko sakugona. Mayeso akatha ndidzapita kukaona manda."

"Poti manda sathawa, eti?"

"Si mmene ndikunenera. Iwowo ndi amene ankafunitsitsa kuti ndikhoze."

Esitere analakalaka kung'amba pepalalo. Koma anakumbukira kuti ndi iye yemwe, zaka zonsezi, ankabweza aliyense pakhomo ndi mawu akuti musiyeni, akuwerenga. Anamanga nsalu yake nanyamuka yekha.

A Lazaro anali msodzi, ndipo sankadziwa ngakhale chilembo chimodzi. Koma Loweruka lililonse la tchuthi ankapalasa bwato kuchokera ku Ngala, nsomba zili m'manja, n'kukhala pakampando ka pakhonde. Ankatulutsa mpeni wawo wotumbulira nsomba n'kusongola mapensulo a Hubert, mbali zinayi zazitali, mosasiyana n'komwe. Chimene ankapempha chinali chimodzi: "Bwana kalaliki, khala apa. Ndiuze chimodzi cha m'bukumo." Tsiku limene anauzidwa kuti dziko limazungulira anaseka mpaka kutsokomola, nati n'chifukwa chake bwato lawo silikhala pamene alisiya.

Loweruka lomaliza a Lazaro asanamwalire, Hubert sanatuluke. Anangotulutsa mapensulo pawindo nati lero alibe nthawi. A Lazaro anawasongola onse, nawandandalika pawindopo, nakhala chete pakampando mpaka dzuwa kupendeka. Esitere anawaperekeza kudooko ali ndi manyazi.

Kumaliro anthu anafunsa kuti mphwa wa malemu ali kuti. Esitere ananama kuti wagona ndi malungo. Tsiku lobwerera mlamu wake anamupatsa kansalu kokulunga. Munali pensulo yatsopano, yosasongola.

"Malemu anagula kwa mmwenye. Ankati akamusongolera okha Hubert Loweruka, adzalembere mayeso."

Mpeni uja Esitere anauona ndi maso ake utatsomekedwa kudenga la nyumba ya malemu, ndipo anausiya komweko. Atafika kwawo anatsekera pensuloyo m'bokosi lake lachitsulo, kiyi namanga pamfundo ya nsalu. Mumtima anati mwanayu sakuyenera kuilandira.

Anapeza Hubert ataonda, tsitsi lili nyankhalala, ali wolusa.

"Ndani akumagwira mapensulo anga?"

"Ine ndangofika. M'nyumba muno unali wekha."

Anali nawo asanu, koma awiri anali atatha kale. Ankati akangotuluka kukasamba, pobwera ankapeza pensulo yosongoledwa mwatsopano, yafupika. Zopalapala zake zinkakhala zitaunjikidwa bwinobwino pawindo. Esitere anatenga imodzi naizunguza m'zala. Mbali zinayi, zazitali. Pansonga panamatirira bamba limodzi la nsomba.

"Hubert, pita ku Ngala."

"Ndi ana a a Rashidi awa. Kapena mbewa."

"Mbewa imaunjika zinyalala pawindo?"

"Amayi, mwanditayitsa kale theka la ola."

Esitere anatuluka atakwiya. Anagwada kukhitchini napemphera, koma pemphero lake linali ngati lokalipa.

Sabata yonseyo Hubert analimbana nazo. Anaika mapensulo m'thumba la malaya, anawatsekera m'chitini cha tiyi, anawagonera pansi pa mkeka. Ankafupikabe. Pepala la pakhoma analilembanso kawiri, nachotsa ngakhale nthawi yosamba. Koma zimene wawerenga m'mawa, madzulo zinali zitauluka. Esitere ankamumva akubwereza mzere umodzi kakhumi, kenaka buku n'kugunda khoma. Akazi a a Rashidi ankamubweretsera phala la mpunga, ndipo linkazizira pakhomo. Pofika Lachisanu anatsala ndi kachidutswa kosagwirika n'zala.

Loweruka masana, dzuwa lili paliwombo, Esitere ankapeta ufa pabwalo. A Rashidi ankasoka ukonde patsinde pa mango, pafupi pomwepo. Hubert anali m'kati.

Mphepo inaleka. Nkhuku zinasiya kupalasa n'kulowa pansi pa nkhokwe. Kenaka kunabwera fungo la bwato lonyowa, losakanikira ndi nsomba ndi fodya wopichira. Kunyanja n'kutali ndithu ndi nyumbayo.

Kwe. Kwe. Kwe.

Mpeni ukupala mtengo, pang'onopang'ono. Unkamveka pakhonde. Pakampando panalibe munthu.

"Amake Hubert," a Rashidi ananong'ona. "Mukumva?"

"Ndikumva."

"Musathawe."

Phokosolo linaleka. Linayambanso, koma tsopano m'nyumba. Esitere anaika lichero pansi nalowa, a Rashidi ali pambuyo. Hubert anali chilili pafupi ndi tebulo lake. Onse atatu anayang'ana bokosi lachitsulo.

Kwe. Kwe.

Loko anali wotseka. Esitere anamasula mfundo. Atatsegula, phokoso linati zii.

Kansalu kanali kofunyululidwa. Pensulo yatsopano ija inali yosongoledwa mbali zitatu. Yachinayi inali isanakhudzidwe. Zopalapala zinali pa diresi lake la kutchalitchi, zikununkhirabe mtengo wauwisi.

"Imeneyi yachokera kuti?" Hubert anafunsa, mawu osamveka bwino.

"Anakugulira amalume ako. Ankati akusongolera okha Loweruka."

Panja, pakhonde, munthu anatsokomola kamodzi. Kutsokomola kwa munthu amene wakhala nthawi yaitali akudikira.

A Rashidi ankatchula dzina la Mulungu chapansipansi. Esitere anayamba Atate Wathu, koma anaima panjira. Hubert anayang'ana pepala la pakhoma. Inali nthawi ya Chilatini. Anatola pensuloyo natuluka.

M'mawa mwake mayi ndi mwana anapita ku Ngala wapansi. Esitere anaulula bodza lake pamaso pa abale, ndipo Hubert anametedwa yekha, mochedwa, patsinde pa mtengo. Mpeni anaupeza uli kudenga komwe kuja, kangaude atautchingira ndi ulusi wake. Mbali yachinayi ya pensulo sinasongoledwe mpaka kalekale. Pensuloyo Esitere anaisunga m'Baibulo lake, ndipo a Rashidi anaiona komweko patapita zaka zambiri. Chimene chinapala mtengo m'bokosi lokiya, ine sindidziwa, ndipo iwonso sanayese kundiuza.

Koma zimene zinachitika pakhonde Loweruka lija onse awiri ankazikumbukira mofanana. Hubert anakhala pansi, padothi, pafupi ndi kampando kopanda munthu, monga ankachitira ali wamng'ono. Anaika pensulo patsogolo pake. Kenaka analankhula.

"Amalume, ndakhala. Cha m'buku ndi ichi: akuti mwezi umakoka madzi a m'nyanja yaikulu, amakwera ndi kutsika tsiku lililonse. Ndinachiwerenga kalekale, ndinati ndikuuzani, mukaseke." Anaweramitsa mutu. "Munadikira tsiku lonse ine ndili kuseri kwa windo. Munagona m'manda ine kulibe. Pepani, amalume. Ndikhululukireni."